Bwalo la milandu m'mafilimu a ku Africa: mafunso ndi mayankho

Ambiri a ife tinazolowera khoti la m'mafilimu a ku America, mmene loya wochenjera amapanikiza mboni ndi mafunso mpaka choonadi chitatulukira m'mphindi zomaliza. Okonza mafilimu a ku Africa, pamodzi ndi ana a anthu a ku Africa obadwira ku Ulaya, nawonso akhala akulowa m'bwalo la milandu ndi kamera, ndipo funso limene amalisamala kwambiri ndi lakuti ndani amaloledwa kulankhula, m'chilankhulo chanji, ndipo akalankhula amamukhulupirira ndani. Mayankho ena m'munsimu akuulula mathero a mafilimu, choncho amene safuna kudziwiratu awerenge mosamala.

Kodi n'chifukwa chiyani filimu ya Saint Omer imatchulidwa koyamba nkhaniyi ikayambika?

Chifukwa inasonkhanitsa chilungamo, banja ndi moyo wa obwera m'chipinda chimodzi, ndipo inachita zimenezi mosakometsera. Filimuyi inatuluka mu 2022, ndipo anaikonza ndi Alice Diop, amene anabadwa mu 1979 ku Aulnay-sous-Bois, kunja kwa mzinda wa Paris, kwa makolo ochokera ku Senegal. Asanaikonze, Diop ankadziwika ndi mafilimu ojambula zochitika zenizeni, ndipo imodzi mwa iwo inajambulidwa m'chipinda cha dokotala amene ankathandiza obwera ongofika kumene m'dziko la France. Saint Omer inalandira mphoto ziwiri pa chionetsero cha mafilimu cha ku Venice mu 2022, ndipo dziko la France linaisankha kuti ikaliimire pa mpikisano wa Oscar, kumene kunali koyamba kuti mayi wachikuda apatsidwe ulemu wotere m'dzikolo.

Nkhani yake ndi ya Laurence Coly, mayi wachitsikana wa ku Senegal amene anapita ku France kukachita maphunziro, ndipo akuzengedwa mlandu wosiya mwana wake wa miyezi 15 m'mphepete mwa nyanja ku Berck, tauni ya kumpoto kwa France, usiku, pa nthawi imene madzi ankakwera, mpaka mwanayo anamira. Iye sakukana kuti anachita zimenezi. Woweruza atamufunsa chifukwa chake, akuyankha kuti sakudziwa, ndipo akuyembekeza kuti mlanduwo ndi umene umuthandize kudziwa. Pakati pa anthu omvera mlandu pali Rama, mphunzitsi wa payunivesite komanso mlembi wa mabuku, nayenso mwana wa makolo a ku Senegal, amene ali ndi pakati ndipo sagwirizana bwino ndi mayi ake. Guslagie Malanda ndi amene anasewera ngati Laurence, ndipo Kayije Kagame anasewera ngati Rama.

Kwa nthawi yaitali kamera siyenda. Imangoyang'ana Laurence ataima pamalo oimirira ozengedwa mlandu, atavala juzi yofiirira imene ikufanana ndi matabwa a khoma la kumbuyo kwake, moti akuoneka ngati akumira m'khomamo, ndipo akufotokoza za moyo wake m'Chifalansa chosalala, mopanda kunjenjemera. Pamalo amodzi okha amatembenuka n'kuyang'ana Rama, kenaka n'kumwetulira pang'ono, ndipo Rama amatuluka m'khotimo mtima uli m'malere, chifukwa wazindikira kuti mayi wozengedwa mlanduyo wamuona ngati mnzake.

Kodi nkhaniyi inachitikadi?

Inde, inachokera pa mlandu weniweni. Mu November 2013 mayi wina wobadwira ku Senegal anakwera sitima kuchokera ku Paris kupita ku Berck ndi mwana wake wamkazi, ndipo m'mawa mwake msodzi anapeza mtembo wa mwanayo pamchenga. Mlandu unazengedwa mu June 2016 m'tauni ya Saint-Omer, kumpoto kwa France, ndipo mayiyo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 20, zimene zinatsitsidwa kufika pa 15 atachita apilo mu 2017. Diop mwiniwake anakamvera mlanduwo, ndipo polemba filimuyi mothandizana ndi Amrita David komanso mlembi wotchuka Marie NDiaye, anagwiritsa ntchito mawu ambiri amene analankhulidwadi m'khoti, ngakhale kuti mayina anawasintha.

Nanga bwanji woweruza ndi amene akufunsa mafunso ambiri, maloya atangokhala?

Umu ndi mmene makhoti a milandu ikuluikulu amayendera ku France. M'mayiko amene anatengera malamulo a ku Britain, monga Malawi ndi Zambia, woimira boma ndi loya wa wozengedwa mlandu ndi amene amalimbana, ndipo woweruza amakhala pakati kumvetsera. Ku France woweruza wamkulu ndi amene amatsogolera mafunso, atawerenga kale zonse zimene woweruza wina wofufuza anasonkhanitsa, ndipo amakhala ndi oweruza anzake 2 komanso nzika wamba 6 zosankhidwa mwamaere, amene onse pamodzi amagamula mlandu. Kuwonjezera apo, khoti limafufuza mbiri yonse ya munthu, kuyambira ubwana wake, makolo ake, maphunziro ake ndi zibwenzi zake, asanafike pa tsiku la mlandu. Ichi ndi chimene chinapatsa Diop mpata, chifukwa mwa njira imeneyi moyo wonse wa munthu wobwera umayalidwa poyera popanda kuonetsa zithunzi za kumbuyo.

Timamva kuti makolo a Laurence ankamuletsa kulankhula Chiwolofu ku Dakar pofuna kuti Chifalansa chake chikhale choyera, kuti bambo ake anasiya kumulipirira atasintha maphunziro kuchoka ku zamalamulo kupita ku filosofi, ndiponso kuti anakakhala m'nyumba ya mzungu wina wachikulire amene ankamubisa kwa abale ake. Anaberekera m'nyumba yekha, ndipo mwanayo sanalembedwe m'kaundula wa boma. Mphunzitsi wake wina akuchitira umboni modabwa kuti mtsikana wa ku Africa ankafuniranji kulemba za katswiri wa filosofi wa ku Austria, Wittgenstein, m'malo mosankha munthu woyandikana ndi chikhalidwe chake, ndipo m'khotimo palibe amene akuoneka kuti wamva kunyoza kumene kuli m'mawu amenewo kupatula Rama.

Kodi filimuyi sikuikira kumbuyo mayi amene anapha mwana wake?

Funsoli ndi lomveka, ndipo ena amene anaionera anatuluka ndi mkwiyo womwewo. Komabe filimuyi sibisa kuti Laurence ananama pa zinthu zingapo, ndipo woimira boma akupatsidwa nthawi yokwanira kunena kuti mayiyu ndi wochenjera amene akufuna kupusitsa khoti. Pamene Laurence akunena kuti analodzedwa ndi achibale ake a ku Senegal, khoti likusowa pogwira, chifukwa ena akuona ngati ndi bodza lothawira mlandu, ena akuona ngati ndi matenda a maganizo, ndipo ena akufulumira kunena kuti ndi chikhalidwe cha ku Africa, ngati kuti mawu amenewo afotokoza chilichonse. Woonera wa ku Dakar kapena ku Lilongwe, amene amadziwa kuti munthu wophunzira kwambiri angathe kutchula ufiti zinthu zikamuthina, amamva mawu a Laurence mosiyana ndi mmene oweruza a ku Saint-Omer akuwamvera, koma nayenso sangalumbire kuti mayiyu akunena zoona.

Loya wa Laurence pomaliza akulankhula akuyang'ana kamera, ndipo akufotokoza zimene asayansi anapeza, zoti timaselo ta mwana timatsalira m'thupi la mayi ndipo ta mayi timatsalira mwa mwana. Kwa ine mbali imeneyi ndi yofooka kuposa zina, chifukwa ikuyesa kumanga mtolo umene filimu yonse inali itaumasula dala. Champhamvu kwambiri ndi mayi ake a Laurence, amene pa nthawi yopuma akudya ndi Rama, ndipo akugula manyuzipepala mosangalala chifukwa atolankhani ayamikira Chifalansa ndi ulemu wa mwana wawo, pamene mdzukulu wawo ali m'manda.

Kodi imeneyi ndi filimu ya ku Africa kapena ya ku France?

Ndalama zake, malo ake ndi chilankhulo chake ndi za ku France, ndipo Diop ndi nzika ya France. Komabe ili pa mzere umene unayamba ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene mu 1966 anatulutsa La Noire de…, nkhani ya mtsikana wantchito wa ku Dakar amene mabwana ake anapita naye ku Antibes, ku France, kumene anatsekeredwa m'nyumba mpaka anadzipha. Mtsikana wa Sembène salankhula pamaso pa mabwana ake, ndipo maganizo ake timawamva ife tokha. Patatha zaka 56, mtsikana wa Diop akulankhula kwa maola, m'Chifalansa choposa cha ena omuweruza, koma kusungulumwa kwake ndi komweko.

Zinatheka bwanji kuti World Bank ndi IMF zizengedwe mlandu pabwalo la nyumba ku Mali?

Izi zili mu filimu ya Bamako, imene inatuluka mu 2006. Anaikonza ndi Abderrahmane Sissako, amene anabadwira ku Mauritania mu 1961, anakulira ku Mali ndipo anaphunzira zamafilimu ku Moscow. Sissako anaika matebulo, mipando ndi zokuzira mawu pabwalo la nyumba ya bambo ake ku Hamdallaye, mu mzinda wa Bamako, n'kuitana oweruza ndi maloya enieni kuti azenge mlandu umene sungazengedwe m'khoti lililonse la padziko, wa anthu a ku Africa kusumira mabungwe awiriwa chifukwa cha ngongole ndi mfundo zimene anakakamiza maboma kutsatira. Ku mbali ya odandaula kunali Aïssata Tall Sall wa ku Senegal ndi William Bourdon wa ku France, ndipo mmodzi mwa oimira mabungwewo anali Roland Rappaport. Mwa mboni munali Aminata Traoré, amene anakhalapo nduna ya zachikhalidwe ku Mali.

Umboni wake ndi wa zinthu zimene anthu a ku Mali anaziona, monga kugulitsidwa kwa njanji ya pakati pa Dakar ndi Bamako mu 2003, kuchotsedwa ntchito kwa ogwira m'boma, kulipiritsa pa sukulu ndi pa chipatala, komanso kugwetsedwa ndi theka kwa CFA, ndalama imene Mali imagwiritsa ntchito, mu January 1994. Mmalawi safunika kumasuliridwa zambiri pamenepa, popeza dziko lake linayamba kulandira ngongole za mtundu womwewo mu 1981, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 sikunaiwalike.

Chimene chimapangitsa filimuyi kukhala yamoyo ndi chakuti nyumbayo sinasiye kukhala nyumba. Amayi akunyika nsalu m'utoto pambali pa oweruza, mwana akuyenda pakati pa maloya, ukwati ukudutsa n'kuimitsa mlandu, ndipo Melé, woimba wa m'bala amene amakhala panyumbapo, akutuluka m'mawa n'kuuza mnyamata kuti amumange zingwe za kumsana kwa diresi khoti lonse likuyang'ana. Mwamuna wake Chaka ali pa ulova, banja lawo likutha mwakachetechete, ndipo iye akuphunzira Chiheberi yekha poyembekeza kuti tsiku lina dziko la Israel likadzatsegula ofesi ya kazembe ku Bamako adzapeza ntchito ya ulonda. Kunja kwa mpanda amuna akumvera mlandu pa chokuzira mawu, ndipo akatopa nawo amangochizimitsa.

Poyamba penipeni mkulu wina wa kumudzi, Zégué Bamba, akubwera kutsogolo kuti alankhule, koma akuuzidwa kuti adikire nthawi yake. Chakumapeto, mosapempha chilolezo, akuimirira ndi litchowa m'manja n'kuyamba kuimba mokuwa, mwina kudandaula mwina kutemberera, ndipo Sissako sanaike mawu omasulira m'munsi mwa chithunzi. Oweruza, maloya ndi ife oonera tonse timakhala chete kumvera umboni umene sitingaulembe m'buku la khoti.

Nkhani ya obwera ndi matchona ikulowa pati m'milandu imeneyi?

Mu Bamako muli mnyamata, Madou Keita, amene akufotokoza mmene iye ndi anzake anayesera kupita ku Spain kudzera ku Algeria ndi Morocco, mmene anabwezedwera ndi kutayidwa m'chipululu, ndi mmene ena anafera m'njira ndi ludzu. Filimuyi inatuluka patangopita miyezi yochepa kuchokera pamene anthu angapo anafa mu 2005 poyesa kukwera mipanda ya Ceuta ndi Melilla, matauni a Spain amene ali m'mphepete mwa Morocco. Mfundo ya odandaula ndi yoti mnyamatayo sananyamuke mwa chibwana, koma anachoka m'dziko limene silinamupatse sukulu, ntchito kapena mankhwala chifukwa ndalama zinkapita kobweza ngongole.

Pali bwalo lina limene obwera ambiri amaliopa kuposa khoti, ndilo kachipinda kofunsiramo anthu opempha chitetezo. L'Histoire de Souleymane, ya mu 2024, imene anaikonza ndi Mfalansa Boris Lojkine, ikutsatira mnyamata wa ku Guinea amene amaperekera zakudya pa njinga mu Paris pogwiritsa ntchito akaunti yobwereka, kwinaku akuloweza nkhani yabodza ya kuzunzidwa pa ndale imene munthu wina anamugulitsa. Atafika kofunsidwa, mayi womufunsayo akumuuza modekha kuti nkhani yomweyo waimva kale kwa ena, ndipo akumupatsa mpata wonena zoona. Zoonazo ndi zoti anachoka kwawo kuti asamalire mayi ake odwala maganizo, chimene ndi chifukwa chomveka kwa munthu aliyense koma chovuta kuchilowetsa m'malamulo a othawa kwawo. Abou Sangaré, amene anasewera mbaliyi, analandira mphoto pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes iye mwini alibe chilolezo chokhalira m'dziko la France, ndipo anachilandira mu January 2025.

Mtchona wobwerera kwawo timamupeza mu Hyènes ya Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal, ya mu 1992. Linguère Ramatou anachoka m'tauni ya Colobane ali mtsikana woyembekezera, mwamuna womupatsa mimbayo, Draman, atagula mboni ziwiri kuti ziname m'khoti kuti nazonso zinagona naye. Akubwerera ali wolemera kotheratu, ndipo akulonjeza tauni yosaukayo mabiliyoni 100 ngati Draman aphedwa. Anthu akukana mokalipa, kenaka akuyamba kutenga nsapato zatsopano ndi katundu wina pa ngongole, mpaka tsiku limene akukhala pabwalo n'kumuweruza m'dzina la chilungamo.

Kodi pali mafilimu amene amaonetsa khoti likuthandizadi banja?

Alipo, ndipo yodziwika kwambiri ndi Sisters in Law ya mu 2005, imene Florence Ayisi wa ku Cameroon anaikonza pamodzi ndi Kim Longinotto wa ku Britain. Imeneyi si sewero. Inajambulidwa m'khoti lenileni m'tauni ya Kumba, kumene woimira boma Vera Ngassa ndi woweruza Beatrice Ntuba akuzenga milandu ya mwana womenyedwa ndi azakhali ake, mtsikana wogwiriridwa ndi munthu woyandikana naye nyumba, ndi amayi amene asumira amuna awo chifukwa cha nkhanza ngakhale achibale akuwakakamiza kuti nkhaniyo ikathere kunyumba. Amayi awiriwa amakalipa, amaseka, ndipo amasintha kuchoka ku Chingerezi kupita ku Chipijini pofuna kuti wozengedwa mlandu amve bwinobwino chimene walakwa.

Kuno kwathu Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life mu 2008. Mtsikana wantchito, Sungisa, akupatsidwa mimba ndi bwana wake, akusiya mwanayo kuti apitirize sukulu, ndipo patapita zaka 6 akubwera kudzamufuna kwa banja lomwelo limene lamulera. Mlanduwo ukufika kukhoti, ndipo funso lake ndi lija limavutitsa ankhoswe ndi mafumu, lakuti mwana ndi wa amene anabereka kapena wa amene analera. Patatha zaka 2 filimuyi itatuluka, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la 2010 lokhudza chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, limene limatsogoza ubwino wa mwanayo pa milandu yotere.

N'chifukwa chiyani ambiri mwa mafilimuwa amatha chigamulo chisanaperekedwe?

Saint Omer imatha ndi chipinda cha khoti chopanda anthu, Bamako imatha oweruza asananene kanthu ndipo Chaka atadziwombera, ndipo Souleymane akutuluka m'chipinda chofunsiramo osadziwa yankho. Oonera ena amaona ngati aberedwa. Koma chigamulo chikanaperekedwa, woonera akanangofunsa ngati zaka 20 zachuluka kapena zachepa, n'kuiwala zimene wamva kwa maola awiri. Pa Bamako palinso chifukwa china chosavuta, choti khoti la pabwalo la nyumba lilibe wapolisi amene angakagwire World Bank, ndipo Sissako sanafune kunamizira kuti lili ndi mphamvu imene lilibe. Bourdon anangopempha kuti mabungwewo alamulidwe kugwira ntchito yotumikira anthu kwa muyaya.

Mahamat-Saleh Haroun wa ku Chad anafunsa funso lotsatira mu Daratt ya mu 2006, loti chimachitika n'chiyani boma likalengeza pa wailesi kuti onse amene anapha anthu pa nkhondo akhululukidwa. Gogo wakhungu akupereka mfuti kwa mdzukulu wake Atim kuti akaphe munthu amene anapha bambo ake, ndipo mnyamatayo akumupeza ali wophika buledi ku N'Djamena n'kuyamba kugwira ntchito kwa iye. Mlandu umene filimuyi inkaulira unadzazengedwa patapita zaka 10, pamene Hissène Habré, amene analamulira Chad kuyambira 1982 mpaka 1990, anapezeka wolakwa ku Dakar mu May 2016 ndipo analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Kodi bwalo la kumudzi ndi milandu ya ufiti zimaonekamo?

Zimaoneka, ndipo chitsanzo chapafupi ndi I Am Not a Witch ya mu 2017, ya Rungano Nyoni, amene anabadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales. M'filimuyi mumamveka Chinyanja pamodzi ndi zilankhulo zina za ku Zambia. Kamtsikana kamasiye, Shula, akukatengera kupolisi pokaganizira kuti ndi mfiti, ndipo bambo wina akuchitira umboni kuti kanamudula mkono ndi nkhwangwa, chonsecho mikono yake yonse iwiri ili pomwepo, chifukwa zimenezo anazilota. Pambuyo pake mkulu wina wa boma akuyamba kukagwiritsa ntchito pozenga milandu, kuti kaziloza wakuba pa mzere wa anthu oganiziridwa. Woonera amaseka, koma kuseka kwake kumakhala kowawa, popeza mwana amene anaweruzidwa popanda umboni ndi yemweyo amene tsopano akuweruza anzake popanda umboni. Filimuyi inalandira mphoto ya zamafilimu ya ku Britain ya BAFTA mu 2018.

Munthu amene sanaonerepo iliyonse ayambe ndi iti?

Amene amakonda nkhani yoyenda msanga ayambe ndi Sisters in Law kapena L'Histoire de Souleymane. Citation ya Kunle Afolayan wa ku Nigeria, imene inatuluka pa Netflix mu 2020 ndipo ikunena za wophunzira amene akusumira mphunzitsi wake ku komiti ya yunivesite chifukwa chofuna kumugwirira, ndi yosavutanso kuitsatira. Saint Omer ndi Bamako zimafuna munthu wokhala pansi kwa maola pafupifupi awiri foni ili patali, chifukwa zonse zagona pa mawu ndi pa nkhope, ndipo amene sadziwa Chifalansa aonetsetse kuti wapeza kope lokhala ndi mawu omasulira olembedwa bwino.